Kodi wothyola tiyi wa ku Thyolo aziyembekezera chiyani?

Pa 24 Sepitembala 2025, bungwe la MEC litalengeza kuti a Peter Mutharika apambana ndi mavoti opitirira 56 pa 100 alionse, Thyolo sidagone. Mwana wa kwawo, yemwe adakhalapo phungu wa dera la kummawa kwa bomalo, ankabwerera kunyumba ya boma. Zaka zisanu m'mbuyomo, mu Juni 2020, zidali zosemphana: ng'oma zinkalira ku Lilongwe, ku Kasungu ndi ku Mzuzu, pamene ku Goliati ndi ku Luchenza anthu ankayenda zyolizyoli. Dziko lathu lazolowera zimenezi. Chisankho chikatha, mbali ina imati Mulungu wayankha, mbali ina imati ife ndiye tatha.

Komatu Sepitembala ndi mwezi wouma m'minda ya tiyi. Masamba amakhala ochepa, ndipo anthu ambiri olembedwa ntchito panyengo amakhala ali kumudzi, kudikira kuti mvula igwe, tiyi aphukire, akapitawo ayambenso kulemba maina. Munthu amene adavina nawo usiku uja m'thumba muli gwa, ndiye mwini nkhani ino. Kodi ali ndi chifukwa chenicheni chokhalira ndi chiyembekezo m'masiku a nkhawa ndi magawano ano, kapena akungodzitonthoza? Anthu anzeru zawo amasiyana pa funso limeneli, ndipo palibe mbali imene ikulankhula zopanda mutu.

Tiyambe ndi okayika, poti mfundo zawo n'zolemera.

Iwo amati nkhani ya Thyolo ndi nthaka, zina zonse n'zongokometsera. M'zaka za m'ma 1890 boma la atsamunda, pansi pa Harry Johnston, lidapereka zikalata za umwini wa malo akuluakulu kwa azungu amene ankati adagula malowo kwa mafumu, kawirikawiri ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Alhomwe ochuluka amene ankadumpha malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique adafikira pa malo omwewa, ndipo lendi yake idali thangata: kugwirira ntchito mwini esiteti m'nyengo ya dzinja, nthawi yomweyo imene munthu amafunika m'munda mwake. Wokana ankathamangitsidwa. Mu Ogasiti 1953 mkwiyo udaphulika pa esiteti ya Mangunda, kufupi ndi Luchenza, pa nkhani yooneka ngati yaing'ono ya anthu amene adagwidwa kuti akuba malalanje. Zipolowe zidafalikira kumadera ena a kummwera ndipo anthu 11 adaphedwa. Atsamunda adagulako malo ena n'kukhazikapo anthu, ufulu udabwera mu 1964, koma nthaka yachonde kwambiri, yogwa mvula yokwanira, idatsalabe m'manja mwa makampani, ndipo ili komweko mpaka lero.

Kalembera wa 2018 adapeza anthu opitirira 700,000 m'boma la Thyolo. Ambiri mwa iwo amalima timinda tating'ono m'matsitso ndi m'mphepete mwa mitsinje, kuseri kwa minda ya tiyi ndi makadamiya. Nkhalango ya m'phiri la Thyolo idagwa ndi nkhwangwa za anthu osowa polima. Nthochi, zimene kale zinkadzaza malole opita ku Limbe n'kumalipirira ana sukulu, zidakanthidwa ndi matenda a chisaka. Mlendo wodutsa pamsewu amaimitsa galimoto kuti ajambule kubiriwira kwa mapiri, koma akuluakulu adanena kale za chikomekome cha mkuyu, kuti m'kati muli nyerere.

Apa okayika amafunsa funso lowawa. Ndi dera liti m'Malawi muno limene lidalandira mwayi woposa wa Thyolo? A Bingu wa Mutharika adalamula kuyambira 2004 mpaka pamene adamwalira mu Epulo 2012. Mng'ono wawo, a Peter, adalamula kuyambira 2014 mpaka 2020. Zaka 14 mpando uli m'manja mwa ana a ku Thyolo. Zooneka zilipo ndithu: yunivesite ya MUST idatsegulidwa pa Ndata mu 2014, ndipo makuponi a feteleza a nthawi ya a Bingu adadzaza nkhokwe zambiri. Nanga za malo zidatha bwanji? Pulojekiti ya Kudzigulira Malo, imene idayamba mu 2004 ndi ndalama za World Bank, idapezera malo mabanja pafupifupi 15,000, ndipo ena mwa iwo adali a ku Thyolo ndi ku Mulanje amene adasamukira ku Mangochi ndi ku Machinga. Okayika amati tanthauzo lake n'lakuti boma lidaona kuti n'kwapafupi kusamutsa munthu kusiyana n'kusuntha malire a esiteti. Malamulo atsopano a za malo a mu 2016, omwe adakonzedwanso mu 2022, nawonso sadawasunthe malirewo.

Ndiye pali nkhani ya a Vincent Wandale ndi gulu lawo la People's Land Organisation. Mu Sepitembala 2016 anthu owatsatira adalowa pa malo a esiteti ya Conforzi kuti agawane. Apolisi adafika, a Wandale adamangidwa n'kuzengedwa mlandu. Iwo ankanenanso kuti Thyolo ndi Mulanje ndi dziko loima palokha, ndipo chaka chotsatira adatumizidwa kuchipatala cha amisala ku Zomba. Anthu adaseka, ndipo kunena zoona zina mwa zimene ankalankhula zidali zoseketsadi. Koma funso lawo, lakuti anthu obadwira pa nthaka iyi azilima pati, silidayankhidwe. Ndipo zonsezi zinkachitika mtsogoleri wa dziko ali wa ku Thyolo komweko.

Za malipiro okayika sachulutsa mawu. Tiyi amagulitsidwa m'madola, kaya ku okushoni ya ku Limbe kaya mwachindunji kwa ogula akunja, pamene wothyola amalandira makwacha. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pakati pa zigwa ziwirizo namondwe wa Freddy adagumula mapiri ndi nyumba kummwera konse mu Malichi 2023, ndipo chaka chotsatira kudali chilala. Ndalama imene bungwe la antchito lakambirana mwezi uno imakhala itadyedwa kale ndi mtengo wa chimanga, sopo ndi feteleza miyezi itatu isanathe. Munthu wotere ukamamuuza kuti akhale ndi chiyembekezo, amati okayika, ukumuuza kuti akhale chete, abwerenso mawa m'mamawa ndi dengu lake.

Mfundo yawo yakuthwa kwambiri ndi ya ndale. Iwo amati chiyembekezo chimene anthu amagulitsidwa pamisonkhano ya kampeni, pamodzi ndi nsalu ya chipani ndi kandalama ka sopo, ndicho chimene chimatigawa. Wothyola tiyi amauzidwa kuti mavuto ake adzatha wakwawo akakhala pampando, ndiye kuti mdani wake ndi aliyense wovotera tambala wakuda. Mlimi wa ku Kasungu nayenso amauzidwa zomwezo zokhudza anthu a kummwera. Chonsecho m'minda ya fodya ya ku Kasungu ndi ku Mzimba, matenanti ambiri akhala ali ana a ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe amene adathawa kusowa kwa malo. Amphawi awiriwa amadyera mbale imodzi ya mavuto, koma pa tsiku lovota amayang'anana ndi diso lofiira. Ndipo chikwanje sichisankha chipani: mu Julayi 2011, boma lili la DPP, anyamata a zikwanje adazungulira mumzinda wa Blantyre kutatsala tsiku limodzi kuti kuchitike zionetsero zimene zidaphetsa anthu pafupifupi 20, ndipo mu Juni 2025, boma lili la MCP, anthu a zikwanje adavulaza ochita zionetsero ku Lilongwe achitetezo akuonerera.

Munthu akamva zonsezi akhoza kungoti basi, nkhani yatha. Koma a mbali inayo ali ndi zawo, ndipo sayambira ku Baibulo kapena ku malonjezo a chipani. Amayambira pa mbiri yomweyo imene okayika amawerenga.

Amati: thangata uja ali kuti lero? Kwa zaka zoposa 60 ankaoneka ngati sadzatha. A John Chilembwe a ku Chiradzulu adafa mu 1915 akulimbana naye, ndipo atafa thangata adapitirira. Koma anthu sadaleke kukana, kuthawa, kudandaula kwa mafumu ndi kulowa Congress, mpaka lamulo la 1962 lidamuthetsa. Dzina lonyoza limene Alhomwe ankaitanidwa nalo lidachotsedwa m'makalata a boma chifukwa a Lewis Bandawe ndi anzawo adakhazikitsa bungwe mu 1943 n'kuumirira. Mdzukulu wa munthu wa thangata lero amatha kuphunzira zaumisiri pa Ndata. Amene anganene kuti palibe chasintha sadakhale pansi ndi agogo ake.

Umboni wawo waukulu, womwe ine ndimauona kuti ndi wovuta kuutsutsa, ndi wa matenda a Edzi. Amene adali wamkulu chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 akukumbukira momwe zidalili m'malayini ndi m'midzi yozungulira maesiteti: maliro tsiku ndi tsiku, okhoma mabokosi m'mbali mwa msewu, agogo kulera ana amasiye khumi. Pa nthawiyo ku Thyolo pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse adali ndi kachilombo ka HIV. Bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kugwira ntchito m'bomalo mu 1997, ndipo mu 2003, mogwirizana ndi unduna wa zaumoyo, mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa. Madokotala adali ochepa, choncho ntchito zina zidaperekedwa kwa anamwino, alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka a m'midzi, ndipo mankhwala adafika kuzipatala zazing'ono m'malo moti aliyense azikwera basi kupita paboma. Pofika 2007 Thyolo idali itafikira ambiri mwa anthu ofunika mankhwalawo, chinthu chimene akatswiri ambiri akunja ankati sichingatheke m'dera losauka lakumudzi. Pambuyo pake padabwera timagulu ta anthu a m'mudzi umodzi, nzeru imene idayambira ku Tete, tosinthana kukatengerana mankhwala kuti ena asajombe kuntchito kapena kumunda. M'kagulu kotere palibe amafunsa mnzake kuti adavotera ndani.

Okayika amayankha msanga kuti zonsezo zidayenda ndi ndalama za azungu, ndipo dziko lidaona mu 2025, boma la America litadula thandizo, momwe zipatala zathu zidanjenjemerera. N'zoona, ndipo n'zochititsa manyazi kuti patatha zaka 60 tili pa ufulu moyo wa mayi wa ku Thekerani uzidalira siginecha ya munthu wa ku Washington. Koma anthu amene adayenera kufa mu 2004 ali moyo, adalera ana awo, ena ndi agogo tsopano. Zimenezo palibe angazifufute.

Pa za ndale, oyembekezera amawerenga mbiri mosiyana. Amati Amalawi achotsa atsogoleri okhala pampando kanayi ndi voti: a Kamuzu Banda mu 1994, mayi Joyce Banda mu 2014, a Peter Mutharika mu 2020, a Lazarus Chakwera mu 2025. Ndi maiko angati mu Africa muno angawerenge chonchi? Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu adafafaniza chisankho cha 2019 chija cha Tipp-Ex, n'kugamula kuti wopambana azipeza mavoti opitirira theka. Ku Thyolo chigamulocho chidawawa, ndipo ambiri mpaka lero amati adalandidwa boma kukhothi. Koma taonani momwe zidathera. Lamulo la 50+1 lomwelo lidachititsa kuti mavoti a kwawo okha asakwanire munthu aliyense, ndipo mu 2025 a Mutharika adapambana chifukwa adavoteredwanso ndi anthu a kumpoto ndi a m'chigawo chapakati amene adatopa ndi mizere ya mafuta ndi kukwera kwa mitengo. A Chakwera adavomereza kugonja zotsatira zisanalengezedwe. Mayi Jane Ansah, amene anthu ankaguba miyezi yambiri mu 2019 kuti atule pansi udindo ku MEC, lero ndi wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko; ena amati n'chipongwe, ena amati ndi chilungamo chochedwa, koma onse akukangana pa wailesi ndi pa WhatsApp, osati kutchire ndi mfuti. Anansi athu a ku Mozambique, kungodumpha Muloza, adaika m'manda anthu mazanamazana pambuyo pa chisankho chawo cha 2024.

M'minda ya tiyi momwemo muli zimene zasuntha. Mu 2015 makampani a tiyi, ogula akunja ndi mabungwe ena adayamba ndondomeko ya Malawi Tea 2020, yofuna kuti wantchito azilandira ndalama yokwanira kukhalira moyo. Cholingacho sichidafikiridwe, tisanamizane. Koma mu 2016, kwa nthawi yoyamba chiyambire ulimi wa tiyi m'dziko muno, bungwe la Tea Association of Malawi lidasainirana pangano la malipiro ndi bungwe la antchito la PAWU. Kale bwana ankangolengeza. Tsopano amayenera kukhala pa tebulo. Mu Febuluwale 2021 kampani ya Camellia ya ku Britain, mwini wake wa Eastern Produce Malawi, idavomera kupereka mapaundi 2.3 miliyoni pothetsa mlandu umene amayi 36 adakasuma ku London, wonena kuti ankachitidwa nkhanza zogonana pantchito. Kampaniyo sidavomere kulakwa, ndipo ndalamazo zidaphatikiza zolipira maloya ndi njira zotetezera amayi. Komabe ganizirani: amayi othyola tiyi, amene kwa zaka zambiri ankauzidwa kuti ukafuna kulembedwanso chaka chamawa usakane, adagwedeza likulu la kampani kutsidya la nyanja. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo idaletsa utenanti m'minda ya fodya. Lamulolo likadali lolimba papepala kuposa m'munda, koma amene lingawapulumutse kwambiri ndi ana a ku Thyolo, ndipo lidadutsa pansi pa boma limene Thyolo sidalivotere.

Pano ndiike mawu a eni maesiteti, poti nawonso ali ndi poimira. Iwo amati tiyi amalemba ntchito anthu pafupifupi 50,000 nthawi yokolola, amabweretsa ndalama zakunja zimene dziko likuzisowa, ndipo mukagawa minda yonse kwa anthu 700,000 aliyense adzapeza kachidutswa kosakwana kudyetsa banja, mafakitale n'kutsekedwa. Masamu amenewa si abodza. Kungoti sayankha za malo ongogona osalimidwa, ndipo safotokoza chifukwa chake alimi ang'onoang'ono a tiyi, monga a Msuwadzi amene amagulitsa masamba awo ku Satemwa, akadali ochepa chonchi poyerekeza ndi ku Kenya, kumene tiyi wambiri amalimidwa ndi alimi wamba omwe alinso ndi gawo m'mafakitale.

Tsono tigamule bwanji? Ndikayika mbali ziwirizi pasikelo, ndimapeza kuti sizikukangana pa chinthu chimodzi. Zonse zimene okayika amatchula kuti zidalephera n'zimene anthu adaziika m'manja mwa munthu mmodzi, kaya ndi pulezidenti wakwathu kaya ndi mpulumutsi wodzidzoza yekha, iwo n'kukhala pansi kudikira. Zimene oyembekezera amatchula kuti zidatheka zidachitika pamene anthu adagwirana ndi ena osiyana nawo mtundu ndi chipani pa chinthu chimodzi chodziwika dzina: kuthetsa thangata, kufikitsa mankhwala kumudzi, kukweza malipiro a tsiku, kuimitsa kapitawo wogwira amayi. Palibe ngakhale chimodzi mwa izi chidadikira kuti mwana wa ku Thyolo alowe kaye ku Sanjika.

N'chifukwa chake ndikuti okayika akulondola pa za chisangalalo cha usiku wa pa 24 Sepitembala. Chisangalalo chimene chimafuna kuti mnzako wa ku Dowa alire kuti iwe useke chimatha pa chisankho chotsatira, ndipo chimasiya mantha okhaokha: kuti akadzabwerera iwo, atichita chiyani? Mantha amenewo Thyolo idakhala nawo zaka zisanu, ndipo pano ali ndi ena. Koma okayika amalakwa pamene atenga kulephera kwa andale n'kukusandutsa chifukwa chokhalira manja lende. Kutaya mtima nakonso kuli ndi amene kumawapindulira. Wantchito amene wagamula kuti palibe chingasinthe salowa bungwe la antchito, sapita kumsonkhano wa komiti ya chitukuko, sakanena kapitawo wankhanza, ndipo voti yake amaigulitsa pa mtengo wa paketi ya shuga poti akuti ilibe ntchito ina. Bwana woipa ndi phungu waulesi safuna munthu woposa ameneyu.

Pali chimodzi chimene sindingawapatse oyembekezera, ndicho kunena kuti tingodekha, zonse zidzakhala bwino. Thangata adatenga zaka zoposa 60 kuti athe, ndipo anthu ambiri adafa asadaone kutha kwake. Mnyamata wa zaka 20 wa ku Bvumbwe amene akupalasa kabaza lero, kapena amene akusonkha ndalama ya basi ya ku Johannesburg, sangadye kudekha. Ngati nkhani ya malo siyankhidwa pa tebulo, idzayankhidwa ndi makasu ndi zikwanje m'malire a maesiteti, monga zidayambira mu 1953 ndi mu 2016, ndipo amene adzavulale ndi alonda ndi anyamata a m'mudzi, amphawi okhaokha.

Abale anga a ku Thyolo, mwavota ndipo wanu wapambana. Chisankho china chili mu 2030. Musadikire chaka chimenecho kuti mudzalandirenso nsalu. Phungu wanu akabwera, kaya ndi pamaliro kaya ndi pamsonkhano, mufunseni mwaulemu koma mosabisa: malo ongogona m'dera lino ndi mahekitala angati, ali m'manja mwa yani, ndipo boma lichita nawo chiyani? Mufunseni kuti alimi ang'onoang'ono a tiyi adzakhala liti ndi gawo m'fakitale. Amene muli pantchito, lowani bungwe la antchito ndipo muziwafunsa atsogoleri ake za ndalama zimene amakudulani. Ndipo mukamva kuti alimi a fodya ku Kasungu kapena odula nzimbe ku Dwangwa akulira ndi malipiro, musayambe mwafunsa kuti adavotera ndani. Inunso a kumpoto ndi a pakati amene chisankho chapitachi chidakupwetekani, mafunso omwewa ndi anu. Kawafunseni aphungu anu.